Mapanga Awiri Avumbwitsa, Koma Limodzi Ligoneka ndi Njala

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Amanena za munthu amene mvula inamupeza m'thengo, naona phanga uku, lina uko. Atalowa loyamba anati mwina linalo n'lofunda. Atafika m'linalo anati ayi, loyamba lija linali bwino. Pomwe mvula imakata, mkuluyo anali atanyowa mpaka kabudula wamkati, mapanga onse awiri ali ouma gwa. Mwambi wabwino, ndipo ine sinditsutsa imvi. Kungoti amene anaupeka sanalipirepo fizi ya semesita, ndipo sanaimepo pa depoti ya ku Old Town madzulo akuwerengera ngati zimene zatsala m'thumba zipite kwa kondakitala kapena kwa mnyamata wa pachiwaya.

Wophunzira wa pa yunivesite mu Lilongwe ali ndi mapanga awiri, kalasi ndi ganyu, ndipo si dyera limene linamupatsa lachiwirilo. Inde, boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, koma opempha amachuluka kuposa olandira. Wolandirayonso asanamalize kuthokoza, kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Lendi ya kachipinda inakwera, bandulo inakwera, kufotokopa manotsi kunakwera, ngakhale nyama ya soya, bwenzi la wophunzira aliyense, inayamba matama. Mukamuuza mwana wotere kuti akhale phanga limodzi, akufunsani mwaulemu kuti m'phangamo muli ufa kapena ayi.

Chimene chimavumbwitsa kwenikweni ndi mtunda wa pakati pa mapangawo, ndipo pa nkhani ya mtunda Lilongwe ndi katswiri. Mzinda uno unalanda ulikulu kwa Zomba mu 1975, ndipo amene anaujambula papepala ankaganizira munthu wa galimoto. Old Town ili uko, City Centre ndi Capital Hill zili uko, pakati pake mitengo, tchire ndi mtsinje wa Lingadzi. Wa ku Bunda, ku LUANAR, ayenera kudula makilomita pafupifupi 30 pa msewu wa ku Mitundu asanaone n'komwe msika waukulu. Wa unamwino ku KUHeS ali pafupi ndi tauni, koma wodi ya ku chipatala cha Central siidziwa mawu akuti ndibwera posachedwa.

Ganyu wolemekezeka kuposa onse ndi wophunzitsa ana a mabwana masamu ndi sayansi akaweruka, uja aliyense amangoti patitaimu. Ana ake amakhala ku Area 10, Area 12, Area 43, kumene minibasi imakutula pamsewu waukulu n'kukufunira zabwino zonse. Kuchokera apo ndi wapansi, m'mbali mwa mipanda yanjerwa yokhala ndi mawaya amagetsi pamwamba, msewu uli zii, wopanda ngakhale wogulitsa zigege woti n'kumufunsa njira. Wakabaza wanjinga yamoto alipo, koma mtengo wake ukudya theka la phindu la tsikulo, choncho mnyamata wathu amadziuza kuti kuyenda n'kolimbitsa thupi. Akafika amagogoda geti ndi kamwala.

"Ndinu aphunzitsi aja? Taimani kaye pomwepo ndimange galu," amatero alonda, ndipo galuyo ukamuona umadziwa kuti amadya bwino kuposa aphunzitsi.

M'nyumba muli mwana wa Sitandade 7 amene ali ndi tabuleti yakeyake koma mafulakishoni amuthawa. Mphunzitsi amafotokoza, mwana amayasamula, wantchito amabweretsa juwisi wozizira ndi mabisiketi pa kathireyi. Tisanamizane, malipiro odalirika pa ntchitoyi ndi juwisi ameneyu. Enawo amabwera ndi mawu okoma a kumapeto kwa mwezi: "Aphunzitsi, mwezi uno zatithina pang'ono, tikuponyerani pa Mpamba Lachisanu." Lachisanu lake liti, sanena. Mphunzitsi amayankha kuti palibe vuto madamu, akuyang'ana galimoto zitatu zili ndii pabwalo, kenako amatuluka kukayamba ulendo wobwerera mdima ukugwa, mutu uli pa asainimenti yofunika mawa 8 koloko imene sanalembe ngakhale dzina.

Atsikana ambiri, ndi anyamata ena ochenjera, anasankha kaunjika. M'mamawa ali ku msika wa Tsoka m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kulimbirana belo likangotsegulidwa. Madzulo kuchapa, kusita, kujambula, kuika pa WhatsApp. Geniyo ndi yabwino, vuto ndi makasitomala, poti onse ndi ophunzira anzake ndipo onse amalipira tsiku limodzi lotchedwa "ndalama ikalowa". Pofika pakati pa semesita kope la angongole limakhala lodzaza kuposa kope la manotsi, ndipo mwini geni amakhala m'kalasi akuyang'ana diresi lake losalipiridwa litakhala kutsogolo, likuyankha mafunso. Ena amasunga kabenchi ka Airtel Money ka achimwene awo, buku lili pamwendo, kuwerenga ndime imodzi kasanu chifukwa pakati pa chiganizo chilichonse pabwera wofuna kutapa.

Koma phanga limene aliyense amalilota ndi la kafukufuku. Mabungwe a ku City Centre akafuna achinyamata okazungulira m'midzi ndi mafunso, uthenga umayenda m'magulu a WhatsApp kuposa moto wa m'chilimwe. Masabata awiri ku Dowa kapena ku Mchinji, kufunsa agogo kuti ali ndi mbuzi zingati ndipo adya kangati dzulo, funso limene wofunsayo akanalephera kuliyankha mosachita manyazi. Asananyamuke amakambirana ndi mesho wake: "Aise, ukandisainire, tidzaonana ndikabwera." Amabwerako atanenepa masaya, nsapato yatsopano kuphazi, n'kupeza kuti mayeso apakati analembedwa Lachitatu lapita, ndipo mesho sakanatha kulemba mapepala awiri ndi dzanja limodzi. Apa mpamene mwambi uja umaseka. Kutsogolo kuli sapu, mayeso obwereza aja, ndipo kuseri kwa sapu kuli mawu amene wophunzira satchula usiku, kuwidwa, kuchotsedwa sukulu.

Ndiye akuluakulu sananame, kunyowa kulipo. Chimene chimandiseketsa n'chakuti olangizawo nawonso ndi a mapanga awiri, ena atatu. Ankolo amene amati "mphwanga, limbikira sukulu basi, ndalama uzipeza ukamaliza" ndi omwe aja jekete lawo limagwira ntchito pa mpando wa mu ofesi kuyambira m'mawa, eni ake ali ku munda kukayang'anira soya. Azakhali a ku banki ali ndi nkhuku mazana kuseri kwa nyumba ndipo foni yawo imalira za chakudya cha nkhuku kuposa za banki. Mu mzinda uno munthu wa phanga limodzi timamuyang'ana ndi chifundo, kapena timamukayikira kuti lachiwirilo analibisa bwino.

Mnzanga wina anandisimbira za mng'ono wake amene Loweruka lina anathawa kalasi yobwezera kuti akagwire ganyu wolandira alendo pa ukwati wina ku City Centre. Mtima unali phaphapha tsiku lonse poganiza kuti aphunzitsi aitana maina. Atavala yunifolomu ya chitenje, atagwira lichero la perekaniperekani, anamva liwu lodziwika likutuluka m'zokuzira mawu: "A kuchimuna, musatichititse manyazi, ma K5,000 okhaokha!" Kutembenuka, ndi aphunzitsi ake omwe, suti yonyezimira, maikolofoni kumanja, thukuta lili kamukamu. Kalasi ija anali ataiimitsa m'mawa womwewo ndi uthenga wakuti apita ku msonkhano wadzidzidzi. Anayang'anana kamphindi. Kenako aphunzitsiwo anatseka maikolofoni ndi chikhatho n'kunong'ona kuti, "Iwe, bweretsa lichero kuno, a kuchikazi akuchedwa. Asainimenti ija udzapereke Lachitatu."