Mkangano wa Annie pakhonde la kwa Mlonyeni

Mvula ya Loweruka masana inatiunjika anthu osadziwana pakhonde la kashopu kotchajitsa mafoni, m'mbali mwa msewu wopita kumalire a Mwami. Mwini kashopu, mnyamata amene amaikiranso anthu nyimbo ndi mafilimu m'mamemore, anali atatsegula pakompyuta filimu ya William Kamkwamba ija, The Boy Who Harnessed the Wind. Inali itafika pamene Annie, mlongo wake wa William, wathawa ndi mphunzitsi njala ili pachimake.

"Mtsikana uyu ngwopanda khalidwe," anatero mayi wina wogulitsa zitumbuwa, akutula beseni lake. "Makolo ali pamoto, iye n'kumathamangira mwamuna. Wanga sindingamulole za zisudzozi. Mathero ake ndi amenewa."

"Amayi, ameneyutu si Annie weniweni," anayankha mnyamata wa kabaza. "Dzina lake ndi Lily Banda, woimba uja. Akungochita zimene anamulembera."

"Ngati sanazichitepo, akuzidziwa bwanji chonchi? Tamuonani m'masomo."

Funso la mayiwo landikhala kukhosi mpaka lero. Chimene anaona m'maso mwa Lily Banda ndi luso, ntchito ya munthu amene wakhala pansi n'kuphunzira mantha a mtsikana wina mpaka kuwavala. Koma kwathu kuno mwamuna akasewera chidakwa timati ndi katswiri, mkazi akasewera wothawa ndi mwamuna timati waulula khalidwe lake. Michael Usi anakhala Manganya wa mu Tikuferanji zaka zambirimbiri, ndipo mu 2024 anakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Palibe anamufunsa ngati zochita za Manganya zinali zake.

Filimuyi anaijambulira ku Kasungu, boma loyandikana ndi lathu lino la Mchinji, ndipo inatuluka pa Netflix mu 2019. Anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor wa ku Britain, yemwenso anasewera ngati Trywell, bambo a William. William mwini anali Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi ake Aïssa Maïga wa ku France. Onsewa Chichewa anachiphunzirira filimu yomweyi, ndipo khutu la Mchewa silichedwa kuzindikira.

"Chichewa cha bamboyu ndimachita kuchisakasaka," anatero mkulu wina wa imvi amene anali atatsamira njinga yake. "Koma mtsikanayu akatsegula pakamwa, ndikumva mwana wa m'mudzi mwathu." Kenaka anatembenukira kwa mayi aja. "Mayi, musafulumire kumuweruza. Chaka cha 2002 munali kuti? Kuno tinkadya madeya ndi zitsa za nthochi. Anthu ankawoloka kupita mbali ya Chipata kukagwira ganyu wa mbale imodzi ya chimanga. Ndi atsikana angati amene anakwatiwa chaka chimenecho kuti pakhomo pachepe odya?"

Pakhonde panati zii. Mkuluyo sankakokomeza. Mu Febuluwale 2002 boma la Bakili Muluzi linalengeza kuti dziko lili pangozi ya njala, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa kale, ndipo Mchinji linali limodzi mwa maboma amene njalayo inawakantha kwambiri. Mufilimumu Annie sachoka chimanjamanja. Amasiyira mlongo wake dayinamo ya njinga ya mphunzitsiyo, ndipo ndi imene William amapangira makina ake amphepo opopera madzi.

"Mng'ono wanga anapita chaka chomwecho," anatero mayi aja, mawu atatsika. "Anali sitandade 7." Sanaonjezerepo, ndipo palibe anawafunsa zambiri.

Patapita kanthawi anafunsa lina: "Chabwino, ndi ntchito. Nanga amadya chiyani?"

Apa mayiwo anagunda penipeni. Lily Banda mwayi unamutsegukira, chifukwa chaka chomwecho cha 2019 anaonekanso mu Deep State, sewero la pa TV la ku Britain, ngati Aïcha Konaté. Anzake ambiri sanafikeko. Tapiwa Gwaza analandira mphoto ya Africa Movie Academy Awards ku Nigeria mu 2010 chifukwa cha Seasons of a Life ya Shemu Joyah, momwe munalinso Flora Suya. Filimu ya Joyce Mhango Chavula yotchedwa Lilongwe inapambana ku Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016 ngati yoposa zonse za kumwera kwa Africa. Onsewa asanabwere kunali Gertrude Kamkwatira, amene anagwira gulu la zisudzo la Wakhumbata mwini wake Du Chisiza atamwalira mu 1999, kenaka n'kuyambitsa lake la Wanna-Do, mpaka imfa yake mu 2006. Mphoto zilipo, koma mphoto siigula ufa. Filimu ikangotuluka imalowa m'mamemore, ndalama imatsala m'mashopu ngati kamene tinabisalamo mvula, ndipo amene anakhetsa thukuta pamaso pa kamera sapezapo kanthu.

Mwini kashopu anamva zimenezi. "Madala, ine ndimangosaka ya sopo," anatero, osadzutsa mutu. N'zoona, ndipo sindikumuda. Koma bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito za aluso, liyenera kuyankha momveka funso la mayi wa zitumbuwa uja.

Nkhawa ya mayiwo pa ndalama ndi yomveka. Nkhawa yawo pa khalidwe ilibe maziko, pakuti anali wa zisudzo yemweyo amene anawakumbutsa mng'ono wawo pamaso pa anthu. Makolo anzanga a kwa Mlonyeni, mwana wanu wamkazi akasankhidwa kusukulu kuti akasewere pampikisano wa zisudzo wa ATEM, musamutsekere m'nyumba. Mupatseni ya thiransipoti, ndipo mukapeza mpata mupite mukamuonere nokha.