Liwiro la Mumchenga

Makolo athu, amene sanaionepo galimoto koma anaudziwa bwino mtima wa munthu wothamanga, anatisiyira mawu akuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Ndipo aliyense amene anaimapo pa Bwanje, m'mphepete mwa msewu wa M5, naona anyamata a kabaza akuliza njinga zawo onse pamodzi minibasi ya ku Balaka isanaime n'komwe, adzachitira umboni kuti mawuwo sanagwe pansi.

Komatu pa mpikisano wa magalimoto wa ku Indianapolis, pa 30 Meyi 1911, mwambiwu unayesedwa pamuyeso nupezeka woperewera. Magalimoto 40, matayala ali pamtetete ngati a ngolo, sakanakwana mzere umodzi, motero anawandanda asanuasanu, ndipo a Ray Harroun anagwera malo a 28, kumene munthu amadya utsi wa anzake. Masiku amenewo woyendetsa aliyense ankatenga makaniko pambali pake, woti azicheuka ndi kumuuza za obwera m'mbuyo. Koma a Harroun, m'galimoto yawo ya Marmon Wasp, anakhala okhaokha, ndipo anzawo atang'ung'udza kuti munthuyu atipha, iwo anangomangirira galasi loonera m'mbuyo patsogolo pawo. Popeza anali atazindikiranso kuti njerwa za bwalolo zimadya matayala a munthu waphuma, anasunga liwiro la mamailosi pafupifupi 75 pa ola, ena akuima kawirikawiri kusintha matayala, kufikira anatsiriza mamailosi 500 ali patsogolo, atatha maola 6 ndi mphindi 42.

Galasi lija linafika ndithu kwathu kuno, ngakhale linasintha ntchito panjira, pakuti mnyamata wa kabaza, ngati sanaligulule, amalipotoza kuti aziona m'mene tsitsi lakhalira. Nzeru ya kupepuka nayonso tinaikana ndi mtima wonse: kumene Mzungu anatsitsa munthu mmodzi, ife timakweza mayi ndi mwana kumsana, thumba la chimanga pathanki, ndi mbuzi yomangidwa miyendo, imene sinafunsidwe maganizo. Udindo wa makaniko wagwera mayiyo, amene walipira yekha ulendowo, ndiye amene amacheuka, naona thiraki ya ku Salima ikudza ndi ukali wake wonse, nafuula kuti, "Achimwene, patukani, tikufa!" Ndipo achimwenewo, posafuna kupitiriridwa ndi mnzawo amene anayamba naye limodzi, amayankha mwaulemu kuti, "Gwiritsitsani mbuziyo, mayi."