Makutu a Anthu a Zipani mu Mzinda wa Lusaka

Munthu wa ku Lusaka amabadwa ndi makutu awiri monga anthu ena onse, koma nkhani ikangokhotera ku ndale khutu limodzi limatsekeka lokha, ndipo lotsalalo limangolandira zokoma za chipani chake ndi zoipa za chipani cha mnzake. Vuto limeneli, limene m'nkhani ino litchedwa kugontha kwa chipani, silisankha ophunzira kapena osaphunzira, ngakhale kuti ophunzira amalibisa bwino chifukwa amadziwa kugwedeza mutu pa nthawi yoyenera.

Kugonthaku kuli ndi mbiri yake. Kuyambira mu 1972, pamene boma la Kenneth Kaunda linakhazikitsa ulamuliro wa chipani chimodzi cha UNIP, nzika sinkavutika ndi kumvera maganizo otsutsa, popeza pa chisankho cha pulezidenti wovota ankangosankha inde kapena ayi, ndipo ayiyo ankaimiridwa ndi chithunzi cha nyama monga chule kapena fisi. Chule sankachititsa misonkhano, sankagawa zitenje, ndiponso sankabwera kudzadya nsima pakhomo pa munthu Lamlungu masana. Zinthu zinasokonekera mu October 1991, Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD atapambana chisankho cha zipani zambiri, chifukwa kuyambira pamenepo wotsutsa anasiya kukhala chule n'kukhala mlamu wa munthu, amene sungamuthamangitse popanda kuyambitsa mlandu ndi akuchikazi.

Malo okhawo amene anthu osiyana zipani amamverana mpaka kumapeto ndi minibasi, ndipo chifukwa chake n'chakuti mulibe kothawira. Minibasi yochoka ku Chelstone m'mawa kulowera m'tauni kudzera mu Great East Road imanyamula anthu anayi pa mpando wa anthu atatu, kotero kuti wokonda chipani cholamula amapezeka atanyamula pamiyendo chikwama cha wokonda chipani chotsutsa, uku chigongono cha mnzakeyo chili m'nthiti mwake. Mkangano suyamba ndi dzina la chipani, umayamba ndi mayi wina amene amausa moyo n'kutchula mtengo wa thumba la ufa la makilogalamu 25. Bambo wa tayi kumbuyo amayankha kuti, "Amayi, ngongole zimene anasiya anzathu aja simukuzidziwa kodi?" ndipo mnyamata wa pawindo amafunsa mwaulemu ngati ngongolezo zimaphikika nsima. Pofika pa Munali basi imakhala itagawika pawiri, pofika pa yunivesite ya UNZA aliyense amakhala atasanduka katswiri wa zachuma, ndipo pa Manda Hill mkangano umatha mwadzidzidzi chifukwa mbali zonse ziwiri zagwirizana kuti kondakitala akuchedwetsa chenji. Kondakitalayo ndiye munthu yekhayo wosakondera mu mzinda wonse, pakuti amabera onse mofanana.

Ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene nyumba zimabisala kuseri kwa mipanda yaitali ya waya wa magetsi, khalidweli limavala jekete. Mwininyumba, nyama ili pamoto ndipo alendo atakhala pa kapinga, amalengeza kuti iye amakonda kumva mbali zonse, mawu amene tanthauzo lake lenileni n'lakuti adikira mlendo apume mpweya kuti iye ayambe. Kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, kumene kunadza chifukwa chilala chinachepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, kunakambidwa m'mabwalo amenewa mofatsa ndi mwanzeru kwambiri, chifukwa padenga panali masola ndipo mowa unali wozizira. Tiyenera kuvomereza kuti anthu a kumeneku ndi omasuka maganizo ndithu, makamaka amene amakhalira ma tenda, ndiko kuti ntchito zogulitsa katundu ku boma, popeza maganizo awo amamasuka tsiku lomwelo limene zotsatira za chisankho zalengezedwa.

Kabwata ndiye amapereka phunziro lovuta. Michael Sata anaimira dera limeneli ku nyumba ya malamulo ali wa UNIP, analiimiranso ali wa MMD, kenako mu 2001 anayambitsa chipani chakechake cha PF chimene chinamulowetsa m'boma mu 2011. Given Lubinda anasankhidwa m'dera lomweli mu 2001 ali wa UPND, ndipo mu 2006 anabwerera ali wa PF. Atsogoleri tsono amasamuka mosavuta, amapatsana moni ndi manja awiri pa maliro a boma, koma owatsatira amatsala ndi chidani cha kalekale chimene mwiniwake anachisiya n'kupita. Pa maliro wamba a ku Kabwata, amuna akakhala panja kuzungulira moto usiku, sikosowa kuona madala awiri amene sanalankhulane kuyambira chisankho chapita akuwotha chikuni chimodzi, aliyense akuuza munthu wachitatu zimene akufuna kuti mnzakeyo amve.

Amayi a m'misika ya Soweto ndi City Market anapeza njira ina, imene inabadwa m'zaka zimene makada, ndiko kuti anyamata a chipani olamulira misika ndi masiteshoni a mabasi, ankayang'ana mtundu wa chovala cha munthu asanamulole kugulitsa tomato. Njirayi imatchedwa chivwende, chifukwa chipatsochi n'chobiriwira kunja monga mtundu wa PF koma n'chofiira m'kati monga mtundu wa UPND. Nzeruyi si yatsopano, pakuti otsatira Sata yemwe mu 2011 ankalangizana kuti alandire mphatso za chipani cholamula koma asaulule komwe voti yawo ipite. M'sutikesi ya mayi wanzeru muli zitenje za zipani zonse zopindidwa bwino, cha chipani cholamula pamwamba, ndipo cha chipani chogonja chimapatsidwa ntchito yoberekera mwana kapena yovundikira zitumbuwa, nkhope ya mtsogoleri italoza m'kati. Mayi wotereyu amamvera aliyense, amaombera m'manja aliyense, amavina pa msonkhano uliwonse umene uli ndi lole yobwezera anthu kunyumba, ndipo palibe kada amene anadziwapo maganizo ake.

Ofuula m'minibasi ndi okamba mofatsa pa kapinga amadzitenga ngati ndiwo eni ndale za dziko, koma boma lasinthidwa ndi voti katatu, mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, ndipo ntchitoyo inagwiridwa ndi anthu amene ankangoti "zoona bwana" kwa aliyense. Mu August 2021 Hakainde Hichilema wa UPND anaposa Edgar Lungu wa PF ndi mavoti pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo sabata yotsatira mu Cairo Road munalibe munthu amene ankakumbukira kuti anavalapo chobiriwira.