Injiniya wa kuseri kwa sipika

Pa ukwati uliwonse wa bandi pamakhala munthu mmodzi amene samva bwino nyimbo, ndipo ndi yemweyo amene amalipidwa kuti nyimbozo zimveke bwino. Munthuyo ndine. Pa kakhadi kanga ndinalembetsa kuti "injiniya", koma akomiti amangoti "achimwene a mawaya aja".

Odziwa ntchitoyi amati woyendetsa mikisa azikhala pakati pa anthu, moyang'anizana ndi siteji, kuti khutu lake lizimva zomwe omvera akumva. N'chifukwa chake ku zoimbaimba zikuluzikulu monga Lake of Stars mumaona kachisakasa pakati pa khamu, mnzanga wamwayi ali phee m'menemo. Koma pa ukwati wa kwathu, pakati pa holo ndi njira ya mkwatibwi komanso bwalo la perekaniperekani. Ndani angalole tebulo la zingwe pamalo pomwe pakugwa ndalama? Mayi wokongoletsa amangondiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Bambo inu, zingwe zanuzi zikundiwonongera maluwa. Kakhaleni uko." Ukoko ndi pambali pa siteji, kuseri kwa sipika, pafupi ndi makileti a Fanta amene sindiloledwa kukhudza.

Sipika ili ndi tsankho. Mawu opyapyala, amene amachititsa kuti muzimva zomwe woimba akutchula, imawaponya kutsogolo kokha. Besi ndiye samasankha: amapita kutsogolo, kumbali, kumbuyo, mpaka m'mimba. Ine kuseri kuja ndimalandira besi yekhayekha, ng'oma zili pakhutu penipeni, kuwonjezera phokoso la mamonita, timasipika tija timayang'ana oimba. Khutu limandiuza kuti besi wanyanya, woimba wamira. Ndimatsitsa besi, ndikukweza zopyapyala mpaka mtima wanga utakhala pansi. Nthawi imeneyo kutsogolo agogo a mkwati atseka makutu ndi mpango, achinyamata aima chilili akufunsana kuti besi wapita kuti. Ntchito yanga ndi yothira mchere m'ndiwo zimene zikudyedwa kwa aneba.

Mankhwala ake ndi miyendo. Umathamangira kutsogolo, kumvetsera, n'kubwerera kudzapotoza. Pofika pa mikisa nyimbo yasintha, ndipo waiwala chimene unapitira. Tsiku lina ndikudutsa pakati pa holo, a MC anandigwira dzanja. "Achimwene, inunso ndinu akuchimuna eti? Tiyeni tione!" Anthu onse maso pa ine. Ndinavina, n'kuponya ndalama yanga ya minibasi yobwerera ku Ndirande pa ukwati wa anthu osawadziwa, uku gitala akung'amba denga popanda womuletsa.

Ubwino wokhala pambali ulipo umodzi, woti oimba amakuona. Kuipa kwake n'komweko. Wa gitala amaloza chala m'mwamba, wa kiyibodi naye m'mwamba, woimba amandiyang'ana ngati ndinam'bera mbuzi. Aliyense akufuna adzimve yekha kuposa anzake, ndipo ukawamvera onse siteji imalira kuposa holo. Ndiye ndili ndi tchanelo chimodzi chakumapeto chimene sindilumikizako kanthu. Wa gitala akaloza m'mwamba, ndimagwira kabatani ka pamenepo, nkhope ili gwa, n'kupotoza pang'onopang'ono. Iye amagwedeza mutu: "Eya, pamenepo bwana!" Pa zipangizo zanga zonse, tchanelo chimenecho chokha n'chimene sichinandichititsepo manyazi.

Nanga kulira kwa maikolofoni? Maikolofoni ikamva sipika, sipikayo imabwereza zomwe maikolofoni yamva, maikolofoni imamvanso, mpaka tswiii! Shure SM58, imene yakhala ikupangidwa kuyambira 1966, inakonzedwa kuti izimva zakutsogolo n'kukana zakumbuyo. Koma a MC amaifumbata kumutu ngati oimba a pa TV, motero amatseka njira yakumbuyo ija, n'kuyamba kumva za mbali zonse. Malume a mkwatibwi ndiye amaigwira pamchombo, n'kumalankhula chapansipansi ataima kutsogolo kwenikweni kwa sipika. Ndikweze, ilira. Ndisakweze, holo yonse ikuti "Sitikumva!" Ikalira, mitu yonse imatembenukira kwa ine. Inenso ndimatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwanga mokwiya, ngakhale kuti kumbuyoko kuli khoma.

Chitulukireni Behringer X32 mu 2012, mamikisa oyendetsa ndi tabuleti afala, moti munthu umasiya bokosi pambali pa siteji n'kumayendayenda pakati pa anthu ukukonza mawu. Ndinabwereka ina kwa mnzanga, n'kuvala jekete. M'mawa poyesa zida zonse zinayenda, ngakhale kuti holo yopanda anthu imanama, chifukwa makoma amabweza mawu amene matupi ndi zitenje zidzameze masana. Anthu atadzaza, aliyense ndi foni m'thumba, Wi-Fi inatsamwa. Ndinatsala pakati pa holo ndikudinadina galasi losayankha, malume ali pa maikolofoni.

Pomwepo anafika mayi wina ndi anzake a yunifolomu ya chitenje chimodzi. "Achimwene ojambula, tatijambulaniko ife a kuchikazi." Ndinawajambula. Anayang'ana chithunzicho n'kunena kuti ndili ndi dzanja labwino, kenaka anandinong'oneza kuti ndikamuona mnyamata wa masipika uja ndimuuze kuti ntchitoyi saitha.