Wolakwa ndi mwendo wachinayi

Pali bungwe lina la amuna m'dziko muno limene silidalembetsedwe kuboma. Lilibe wapampando ngakhale msungichuma, koma mamembala ake ndi ochuluka kuposa a makalabu onse a fodya kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje. Ndife amuna aja amene tikaona tebulo pashedi ya kalipentala n'kumva mtengo wake, timaseka chapansipansi, n'kugogoda thabwalo ndi chala ngati odziwa, kenako n'kunena kuti, "Kameneka? Ndikhoza kukhoma ndekha Loweruka." Ine ndine membala wokhulupirika, ndipo khadi laumembala tonse timayenda nalo: chikhadabo chakuda pachala chachikulu chakumanzere. Lero ndaima pabwalo kuti ndiyankhire anzanga mlandu umene akhala akutiimba akazi athu, apongozi athu, ndi alendo onse amene tiyi adawatayikira pathalauza m'nyumba zathu. Mlandu wake ngwakuti chilichonse chimene takhoma chimagwedera. Zogwederazo sindikukana, chifukwa mboni zachuluka ndipo zina zili ndi zipsera. Chimene ndikukana n'chakuti olakwa ndife. Wolakwa ndi mwendo wachinayi.

Umboni woyamba uli m'khitchini mwa omwe akutiimba mlanduwo. Mayi akafuna kuphika amasanja mafuwa atatu. Satenga tepi, safuna sikweya, sayitana munthu wa levulo. Amangokankha mwala uwu ndi phazi, uwo ndi chikuni, n'kutereka mphika wa nsima ya anthu 10, n'kuyamba kuvundula ndi mthiko mwamphamvu zonse, mphika uli phee. Izi si zamatsenga, ndi masamu amene ngakhale ophunzira a pa Bunda apo angakuuzeni: nsonga zitatu zimagwirizana nthawi zonse pokhudza pansi, kaya pansipo ndi pokwera, potsika kapena pokumbika. Ndiye chifukwa chake oyeza malo amaimika makina awo pa miyendo itatu, ojambula zithunzi paukwati chimodzimodzi, ndipo wilibala ikaima imakhala pa gudumu limodzi ndi miyendo iwiri, osatekeseka. Mukangowonjezera mwendo wachinayi mwaitana mlandu, pakuti iwo sungakhudze pansi pokhapokha utatalika ndendende ngati anzake ndipo pansipo pakhale posalala ngati galasi. Ukapanda kupeza zimenezi umalendewera m'malere ngati mlamu amene adabwera kudzacheza masiku awiri koma wagonera chaka: ntchito sagwira, kuchoka sachoka, koma nyumba yonse ikupendekera kwa iye.

Ena adzati makolo athu ankapanga okha zinthu zapakhomo ndipo sizinkavina, nanga ife tatani? Funso labwino, koma taonani zimene ankapangazo. Mtondo, munsi, mthiko, chipande, mpini wa khasu, ng'oma: zonsezi n'zosema kuchokera ku mtengo umodzi ndi nkhwangwa ndi kasemasema, popanda polumikiza ngakhale pamodzi. Chinthu chopanda polumikiza sichingaguluke. Zinthu za miyendo yambiri, monga thandala, nkhokwe ndi khola la nkhunda, miyendo yake ankaikumbira pansi n'kutsendera dothi, pamwamba n'kumanga ndi luzi. Mphanda ikatalika umangokumba dzenje lozama, ikafupika umabwezeramo dothi, basi nkhani yatha. Nthaka ndiyo inkagwira ntchito ya sikweya. Tebulo la miyendo inayi yoima payokha lidabwera ndi mishoni, sukulu ndi ofesi ya boma, ndipo kumeneko lidapeza pansi pa simenti kapena pa matabwa. Ife tidatenga tebulolo koma pansi pake tidasiya komweko. Talibweretsa m'nyumba yozira, momwe mayi akazira lero pansi pakwera apa, akasesa mawa patsika apo. Ngakhale amene tidathira simenti sitingadzitame kwambiri, chifukwa mmisiri amene adatsalaza simentiyo kawirikawiri ndi membala wa bungwe lachibale ndi lathu, la amuna oti, "Kumanga n'kosavuta, ndinaonerera kamodzi."

Ndiye palinso thabwa lenilenilo. Agogo athu ankasema mlombwa ndi mbawa, mitengo yaulemu, yodziwa kukhala malo amodzi. Ife masiku ano timakhoma bulugamu, malaina, ndi paini wochokera ku Dedza kapena ku Chikangawa ngati m'thumba mwalola. Mtengo wongodulidwa kumene umakhala wodzaza madzi, ndipo pouma thabwa limachepa m'lifupi koma m'litali silisintha kwenikweni, choncho limapindika, limapotoka, lina limang'aluka. Bulugamu ndiye katswiri pa khalidwe limeneli. Ukamukhoma msomali pafupi ndi kumapeto amang'ambika pomwepo ngati wakwiya, ukamusiya aume amalimba mpaka msomali kupinda mutu n'kubwerera kwa mwini wake. Chitseko chake m'Januwale, mvula ili pakati, chimafufuma n'kukana kutsekeka. Pofika Okutobala chimakhala chasiya mpata woti nkhuku n'kumasuzumira zimene mukudya. Akalipentala enieni amasanja matabwa pamthunzi, kuika timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, n'kudikira miyezi. Koma munthu wa mtundu wanga sangadikire miyezi, chifukwa chilakolako cha ukalipentala chimabwera ngati malungo: chimayamba Lachisanu madzulo, chimafika pachimake Loweruka masana, ndipo Lamulungu chimakhala chatsika chokha. Mtengo wogwetsedwa Lachinayi uyenera kukhala tebulo Loweruka, apo ayi sudzakhalanso tebulo mpaka kalekale. Tsono miyendo inayi yaiwisi ikayamba kuuma, uliwonse ukupotokera kwawo, mukufuna igwirizane bwanji? Itatu ikanagwirizanabe ngakhale itakhota ngati nyanga za mbuzi.

Tisaiwale kuti ife sitikhala manja lende tebulo likamagwedera. Timachitapo kanthu. Timaona mwendo umene watalika n'kuucheka pang'ono. Tikaimika, tipeza kuti tachekapo mopitirira, ndiye tsopano atalika ndi atatu enawo. Timacheka atatuwo, ndipo pa atatuwo umodzi umafupika kuposa anzake, pakuti sowo ilibe maso. Pofika dzuwa lapendeka, tebulo lodyera lasanduka katebulo ka pabalaza. Mawa lake ndi kampando ka ana. Likatha sabata ndi thabwa lodulirapo anyezi. Adani athu amatcha zimenezi kulephera, koma ndi kalipentala uti ku Lilongwe kuno amene angakupatseni katundu wa mitundu inayi pa thabwa limodzi?

Tsopano ndiyankhe funso limene limatipweteka kwambiri, chifukwa limachokera kwa munthu amene sitingamuthawe. Mayi a kunyumba amafunsa mofatsa, uku akupinda katoni yoti alowetse pansi pa mwendo: "Bambo a ana, nanga bwanji tebulo la kwa a Nabanda, lomwe adagula ku Mchesi, lili ndi miyendo inayi koma silivina?" Ndivomere kuti silivinadi. Kalipentala wa ku Mchesi, ngakhale wa pamsika pa Mitundu pomwepa, amapala matabwa ndi puleni mpaka afanane, amayeza ndi sikweya, amaboola mwendo ndi tchizulo n'kulowetsamo mutu wa thabwa linzake, amathira guluu n'kupana mpaka ziume. Misomali kwa iye ndi yongothandizira, pomwe kwa ife msomali ndiye pulani, ndiye guluu, ndiye pemphero. Ena mwa iwo adadutsa ku Namitete Technical College, ena ali ndi mapepala a TEVETA, bungwe limene boma lidakhazikitsa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo ambiri adangokhala zaka akusesa utuchi pashedi ya amalume awo mpaka dzanja lidazolowera. Ife zida zathu ndi sowo yobwereka yoguluka mano ngati agogo, hamala imene mutu wake umauluka ukaikweza mwamphamvu, ndi misomali yozula pa khola lakale n'kuiwongola pamwala. Koma taganizani bwino, mayi: zimene mwanenazi zikuikira kumbuyo ine. Ngati pamafunika zaka za maphunziro, satifiketi ndi bokosi lonse la zida kuti mwendo umodzi ukhale pansi mwaulemu, ndiye kuti mwendowo ngwovuta. Mafuwa sadafunepo satifiketi kwa munthu.

Pa nkhani ya ndalama ndiye anthu amatinena mopanda chisoni. Akuti timayamba ntchito ponena kuti tikupulumutsa ndalama, koma pomaliza timawononga zoposa mtengo wa tebulo logula. Tiyeni tiwerengere poyera. Matabwa timagula kawiri, chifukwa oyamba tidacheka tisanayeze. Misomali timagula kilo yathunthu, theka n'kupindika. Pali wakabaza wonyamula matabwawo, pali vanishi wobisira zolakwa, pali bandeji. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha m'sitolo ya hadiweya chimaluma ngati nkhanira. Pamapeto pa zonse timanyamula chigoba chija usiku, anthu asakuona, kupita nacho kwa kalipentala yemwe uja tidamuseka, ndipo iye amatchula mtengo wokonzera woposa wa tebulo latsopano, chifukwa ayambe wazula misomali 60 imene tidakhoma pamalo ofunika 8. Masamu amenewa sindikuwatsutsa. Koma ndalamazo zapita kuti? Kwa wocheka matabwa, kwa wasitolo wa pa Nathenje m'mbali mwa M1, kwa wakabaza, kwa kalipentala. Munthu wogula tebulo lopangapanga amadyetsa banja limodzi, ife timadyetsa mabanja anayi kapena asanu pa tebulo limodzi lomwelo, ndipo nthawi zina tebulolo osaoneka n'komwe. Kwina anthu otere amawatcha otukula dziko. Komanso pali phindu lina limene silingalembedwe m'kope. Kuno kwathu ambirife ndife akamwini, tikukhala pamudzi pa eni ake. Mkamwini wokhala pansi pa mtengo wa mango Loweruka lonse amatchedwa mlesi, koma mkamwini amene hamala yake ikumveka mpaka kuchigayo ndi munthu wogwira ntchito. Apongozi samabwera kudzayeza ngodya za tebulo, amangomvera phokoso ali patali mwaulemu wake, n'kuuza anzawo kuti mwana wawo adakwatiwa ndi mmisiri. Phokoso limenelo ndi lendi imene timalipira pamudzi.

Chitsutso chimene chimanditsitsa mawu ndi cha nkhalango. Aliyense wodzuka m'mamawa pa Mitundu amaziona njinga zosenza matumba a makala zikutsika kuchokera ku Dzalanyama kulunjika mumzinda. Nkhalango imeneyi, ya mahekitala pafupifupi 99,000, idatetezedwa ndi boma kuyambira mu 1922, ndipo m'menemo ndi momwe mumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, madzi amene anthu a mumzinda amamwa. Idaphwasulidwa mpaka mu 2015 boma lidachita kutumizako asilikali. Onjezanipo mitengo ya zigafa za fodya ndi nkhuni zowotchera njerwa. Pamenepa munthu anganene kuti thabwa lililonse limene ife tawononga pophunzirira ndi mtengo umene udakula zaka zambiri kuti udzathere pa chala changa chotupa, ndipo ine ndilibe poyankhira mwamwano. Nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi, ndipo ife taviika matabwa ambiri. Komabe ngakhale apa mfundo yanga ikuima. Tebulo la miyendo itatu limasiya mwendo umodzi mwa inayi uli m'nkhalango, kutanthauza 25 peresenti ya mitengo yonse ya miyendo m'dziko muno. Onjezani matabwa onse amene amathera pofupikitsa miyendo ija, amene sakanachekedwa n'komwe. Sindikudziwa ndondomeko ina yoteteza chilengedwe imene ingapulumutse mitengo yochuluka chonchi popanda msonkhano wa ku hotela kunyanja ngakhale alawansi.

Anzeru ena andikumbutsa kuti tebulo la miyendo itatu limagubuduka munthu akatsamira pangodya yopanda mwendo. N'zoona. Koma ndani adati munthu azitsamira patebulo podya? Tebulo lotere lingaphunzitse ana mwambo msanga kuposa kukalipa kwa chaka chonse, ndipo mlendo wokonda kuyedzamira n'kuyamba nkhani zandale mbale zitatha kale angadziwe yekha nthawi yotsanzika. Ngati zavuta, lipangeni lozungulira, ngodya zithe. Kungoti kucheka thabwa mozungulira ndi sowo yobwereka ndi mlandu wina umene bungwe lathu silinakonzeke kuuyankha.

Pakadali pano matebulo athu a miyendo inayi akupitiriza ulendo wawo wa masiku onse. Chaka choyamba limakhala pabalaza, katoni yopinda ili pansi pa mwendo. Chaka chachiwiri limasamukira pakhonde kukhala poikapo ndowa. Kenako chiswe chimabwera kudzayendera ntchito yathu, ndipo mwa onse oyendera ndi chokhacho chimene sichinadandaulepo. Zotsala mayi amazitola tsiku lina nkhuni zitasowa m'nyengo ya mvula, n'kuzisonkhezera pakati pa mafuwa atatu aja. Pamenepo miyendo yonse inayi imagona pamodzi mofanana, kwa nthawi yoyamba chiikhomereni, ndipo mphika uli pamwamba pake sugwedera ngakhale pang'ono.