Nkhani ya ndege yatera kuchigwa

Chimvekereni kuti makampani a ndege a m'maiko otizungulira akupikisana kuwonjezera ndege, ndiponso kuti nayo Malawi Airlines ili ndi maloto omwewo, anthu a m'chigwa cha Shire apeza poyambira macheza. Kuchokera pa Thabwa mpaka pa Marka aliyense wasanduka katswiri, makamaka amene sanapondepo pa Chileka. Dzuwa la kuno sililola munthu kulima masana, choncho nthawi yokhala pansi pa mtengo wa nimu n'kumaweruza makampani a eni ilipo yambiri.

Pa Dyeratu nkhaniyi aigwira ndi anyamata a kabaza. Mmodzi wa iwo, amene sasiyana ndi wailesi ya pafoni, wakhala akuphunzitsa anzake kuti kampani yathuyi inayamba kuuluka mu January 2014 ndi ndege ziwiri zokha: Boeing 737 ndi ina yaing'ono ya mapulopela yotchedwa Q400. Akuti boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, ndipo 49 otsalawo ndi a Ethiopian Airlines, amenenso anabwera ndi ndegezo. Mnzake atamva izi anawomba m'manja. "Ndiye ali ngati ife tomwe, achimwene! Njinga ndi ya aphunzitsi, ine ndimangoyendetsa. Madzulo ndikapereke ya bwana, ndithire mafuta, yotsalayo ndiye yanga." Onse anaseka, koma palibe anamutsutsa. Makampani ambiri a ndege amayendadi motero: ndege amachita kubwereka, ndipo lendi yake sidikira kuti mipando yadzadza kapena ayi.

A pa Nchalo safuna kuyerekezedwa ndi wina aliyense. Iwo akuti bwalo la ndege ali nalo kale, ndipo ndege amaiona pafupi kwambiri moti amatha kuona mutu wa woyendetsa. Akunena kandege kaja kamene kamauluka chapansipansi kupopera mankhwala m'minda ya nzimbe ya Illovo, imene akuluakulu amaitchulabe kuti Sucoma. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa pa siteji wawadula pakamwa powakumbutsa kuti kandegeko sikananyamulepo munthu wa pa Nchalo ngakhale mmodzi. Amene amatumikiridwa ndi ndege kuno ndi nzimbe. Wina waonjezera kuti nazo njovu za ku Majete zili patsogolo pa anthu. Mu 2016 ndi 2017, pamene bungwe la African Parks linkasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ankazilasa jakisoni wogoneka ali mu helikopita. Choncho pa mndandanda wa a pa Nchalo, nzimbe zili poyamba, njovu pachiwiri, alendo odzaona njovuzo pachitatu, ndipo mwini dera akudikirabe.

Ku Ngabu, kumene nkhani nthawi zonse imakhala ya ng'ombe ndi thonje, madala a pa bawo atenga njira ya mbiri. Iwo akuti ana a lero asamachite phokoso ndi ndege ziwiri zitatu, chifukwa Air Malawi, imene inayamba mu 1964, inkafika mpaka ku London ndi chindege cha VC10 m'zaka za m'ma 1970. Amatchula maina a ndege zake motsatana: Kwacha, Sapitwa, ndi ina ya mapulopela imene inkatchedwa Shire. Pa dzina lomalizali amatukula mapewa, ngakhale kuti mtsinjewo ankangouona ali m'mwamba okwerawo, osati iwo. Mnyamata wina atafunsa kuti nanga zonsezo zinapita kuti, yankho linali lalifupi: ngongole. Kampaniyo inatsekedwa mu 2013.

Pakati pawo pali gogo wina amene sakweza mawu koma onse amamupatsa mpata. Iye anakwerapo ndege kalekale, osati ndi tikiti yogula koma ndi chikalata cha Wenela, popita kumigodi ya ku Joni. Amasimba za mabenchi olimba, makutu otsekeka, ndi anzake amene ankagwira mpando ndi manja onse awiri mpaka kutera ku Francistown. Akafika pa April 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, bawo imaima kaye. Ngoziyo ndi imene inachititsa Kamuzu kuletsa anthu kupita kumigodi kwa zaka zingapo. Kenako gogoyo amatola nkhomo zake n'kunena kuti a masuti a lero asamadzimve, iye anauluka iwo asanabadwe.

Pa Bangula sakondwa nayo kwenikweni nkhani ya zouluka. Kumeneko chouluka chimene amachidziwa bwino ndi helikopita, ndipo ikamveka ndiye kuti zinthu zaipa. Anaiona mu January 2015, anaionanso nthawi ya namondwe wa Idai mu 2019, ndiponso ya Freddy mu March 2023, ikunyamula ufa ndi mankhwala kupita ku Makhanga kumene Ruo ndi Shire zinadula njira zonse. Mayi wina wogulitsa mlamba wowamba akuti iye safuna ndege, akufuna mlatho. Njanji yolumikiza Bangula ndi Makhanga inakokoloka mu 1997, ndipo chiyambire pamenepo anthu amaoloka pa Mtayamoyo ndi bwato, dengu la nsomba pamwendo, mtima uli m'mwamba. Eni mabwato, amene malonda awo amadalira kusowa kwa mlathowo, amangoyang'ana kumbali nkhaniyi ikafika pamenepa. Mmodzi wa iwo akuti nayenso akuwonjezera zombo: chaka chino wasemetsa bwato lachiwiri.

Pa boma la Nsanje pali mphunzitsi wina wopuma ntchito amene amawerenga nyuzi kuyambira tsamba loyamba mpaka la maliro. Iyeyu ndiye wabweretsa za maiko ena. Akuti Ethiopian Airlines ili ndi ndege zoposa 100, ndipo inaikanso dzanja mu Zambia Airways imene inadzukanso mu December 2021. Uganda Airlines inabwerera m'mwamba mu 2019. Tanzania, kuyambira nthawi ya John Magufuli mu 2016, yakhala ikugula ndege mpaka ma Dreamliner. Airlink ya ku South Africa inayamba kutera ku Blantyre ndi ku Lilongwe mu 2023, ndipo chaka chotsatira Qatar Airways inagulamo magawo 25 pa 100. Koma akuchenjeza kuti kukula si kuchuluka kwa ndege kokha: South African Airways inali chimphona, koma mu December 2019 inagwada ndi ngongole mpaka kufuna oipulumutsa.

Atamufunsa kuti chovuta n'chiyani, mphunzitsiyo anawerenga pa zala. Mafuta a ndege amagulidwa ndi madola, zipangizo ndi madola, lendi ndi inshuwalansi madolanso, pamene tikiti ya Mmalawi imagulidwa ndi makwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa tikiti unakwera usiku umodzi wokha, malipiro a anthu ali pomwepo. Ndege ikanyamuka ndi mipando yopanda anthu, mipandoyo siingagulitsidwenso mawa.

Omvera ake anagwedeza mitu, kenako wina analoza kumtsinje. Anthu a ku Nsanje ali ndi sikelo yawoyawo yoyezera malonjezo a zamtengatenga, ndipo sikeloyo ndi doko. Mu October 2010 Bingu wa Mutharika anatsegula Nsanje World Inland Port, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo, magule akuvinidwa. Chombo chonyamula feteleza chimene chinkayembekezeka tsikulo anachigwira ku Mozambique, ndipo mpaka lero pa simenti paja pamaima asodzi ndi mbuzi. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, aphunzitsi," anatero mkulu wina. "Ndege tidzaziwerenga zikadzatera."

Achinyamata amene mtima uli ku Joni ali ndi masamu ena. Amadziwa kuti ndege yochoka pa Chileka imafika ku Johannesburg m'maola awiri ndi pang'ono, pamene basi imadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, munthu n'kugona panjira miyendo itatupa. Koma funso lawo ndi la pobwerera. Kodi ndege ilola firiji, sofa, malata ndi njinga yamoto? Atamva kuti chikwama amachita kuchiyeza pa sikelo ndipo chikapitirira makilo ake umalipira, onse anagwirizana kuti basi ikhalabe mfumu. Munthu sungakhale zaka zitatu ku Joni n'kutsika pa Tengani ndi kachikwama kamodzi. Apongozi angafunse kuti unkatani kumeneko.

A pa Marka, amene aona njanji yochokera ku Beira ikukonzedwa kulowera ku Bangula, akuti iwo ali kumbali ya sitima. Sitima imanyamula mafuta, feteleza, chimanga ndi munthu wa dengu, ndipo siifunsa pasipoti ya mbuzi.

Chodabwitsa n'chakuti pambuyo pa kunyoza konseku, palibe dera limene lakana bwalo la ndege. A pa Nchalo akuti limangidwe kwawo poti poyambira alipo kale. A ku Ngabu akuti iwo ndiye ali pakati pa chigwa, ndipo nyama ya ng'ombe ikhoza kumakwera yatsopano kupita kunja. A pa Bangula akuti pamene pamatera helikopita ndi pomwepo poyenera. A ku Nsanje akuti boma lili nawo ngongole ya chombo, ndiye libweze ndi ndege. Mkanganowo unafika poti wina anatchula za mafumu kuti akaweruze, koma auimitsa kaye mpaka thonje litagulitsidwa, chifukwa palibe amene ali ndi nkhuku yokaperekera mlandu.