Chikomekome cha gitala, m'kati muli nyerere

Akuluakulu amene anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere sanaionepo Fender Stratocaster, koma khalidwe lake analidziwa. Gitalayi, yomwe kampani ya Leo Fender inatulutsa mu 1954, mwini wake amaipukuta kuposa nsapato za ku tchalitchi. Akangoilumikiza ku ampulifaya pafupi ndi getsi la chubu, nsambo asanazikhudze n'komwe, imayamba yokha: ziiii!

Nyererezo zimalowera pa pickup, timaginito tokulungidwa ndi kawaya ka kopa maulendo masauzande angapo. Ntchito yake ndi kumvera nsambo, koma imatolanso miseche ya magetsi a m'nyumba, omwe amanjenjemera ka 50 pa sekondi kuno kwathu ndi ku Ulaya, ka 60 ku America.

Mankhwala ake ndi akale kuposa gitalayo. Mu 1836 Michael Faraday anakuta kachipinda ndi chitsulo chopyapyala, n'kuonetsa kuti mphamvu ya magetsi ya kunja imathera pakhoma. Mmisiri wa magitala amachita zomwezo. Amamasula chivundikiro cha pulasitiki, m'mapanga osemedwa m'thabwa n'kumatamo tepi ya kopa, chidutswa kusanjika pa chinzake, mpaka kunsi kwa chivundikirocho. Ena amapaka penti wa graphite kawiri katatu. Oumira amagula tepi imene olima maluwa ku Britain amatchingira nkhono, kenako n'kuswera akuwotcherera mfundo iliyonse, poti guluu wake nthawi zambiri sadutsitsa magetsi.

Kopa yenseyo ayenera kulumikizidwa ku waya wa earth. Woiwala zimenezi wangokongoletsera nyerere chipinda. Winanso, chifukwa cha changu, amasiya kopa akukhudza waya wonyamula mawu, ndipo phokoso limatheratu, pamodzi ndi nyimbo yomwe.

Komatu kopa amathana ndi ziiii yekha. Kung'ung'udza kochokera ku maginito a thiransifoma kumadutsa osaodira. Kumeneko anakugonjetsa ndi Seth Lover wa ku kampani ya Gibson, amene mu 1955 anaphatikiza makoyilo awiri otsutsana kuti phokoso lizidyana lokha. Okonda Stratocaster ambiri amakana nzeruyi, ati mawu ake ngolemera. Iwo amalolera kutembenuka pang'onopang'ono pa siteji, gitala ili pamimba, kusaka mbali imene kung'ung'udza kumachepa, anthu n'kumawaombera m'manja poganiza kuti ndi kavinidwe katsopano.